Dzina Limene Ndinawapatsa Kuseri kwa Njanji

Anagogoda Lachitatu m'mawa, mu Juni, kamphepo ka kumtsinje kakuluma zala. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa yunifomu ya mwana wanga, manja ali thovu lokhalokha. Sikunali kugogoda kwa chipongwe ayi. Kunali kugogoda kwa wachibale amene akudziwa kuti mutsegula basi.

Pakhomo panaima alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, pamodzi ndi amayi awiri ovala mipango yoyera amene nkhope zawo sindinazidziwe. Pamsewu panali kagalimoto, injini osazimitsa.

"Mulamu, valani chitenje," anatero alamu, maso ali pansi. "Tiyende tikapempheleko chabe. Muzabwela mazulo."

"Nanga mwana akachoka ku sukulu?"

"Ambuya bake bazamutenga. Takamba kale."

Kubanja kumene ndinakwatiwa, akati takamba kale ndiye kuti nkhani yako yatha iwe usanaimve. Ndinapukuta manja pa diresi, ndinavala chitenje ndi mapatapata, n'kukwera. Yunifomu ndinaisiya m'beseni, poti ndinkati ndidzaitsukuluza madzulo.

Sinditchula dzina la munthu aliyense m'nkhani ino. Ena mwa iwo timakumana pamsika mpaka lero, ndipo timapatsana moni. Komanso ine nkhani ya mayina ndinatopa nayo.

Ndiyambe ndi chimene chinandifikitsa pamenepo. Amuna anga ankagwira ntchito ku Lusaka, m'sitolo ya zipangizo za galimoto, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera minibasi kuchokera kuno ku Kafue. Mu Febuluwale chaka chimenecho, tsiku lamvula, foni yanga inalira ndili pa makina anga osokera pamsika. Nambala inali yawo, koma mawu anali a munthu wina. "Ndimwe bakazi ba bene ba foni iyi?" Anangofunsa zimenezo, ine n'kudziwa zonse asanapitirize. Minibasi inali itagundana ndi lole. Tinawaika Loweruka, ndipo ndinatsala ndi mwana mmodzi wamkazi wa giredi folo.

Matenda anga anayamba patapita milungu ingapo. Mtima umayamba kuthamanga ngati makina osokera amene mwana akuseweretsa, khosi limatsekeka, manja amazizira, ndipo ndimatsimikiza ndithu kuti ndikufa pompano. Pakapita kanthawi zimatha zokha, n'kundisiya wotopa ngati ndachokera kolima. Zinkabwera foni ikalira. Zinkabwera kondakitala akamenya chitseko cha minibasi pafupi nane. Nthawi zina zinkangobwera ndikusankha tomato, popanda chifukwa. Sindinauze munthu, chifukwa pa maliro pomwepo abusa anali atanena kale kuti ife opulumutsidwa sitilira mopitirira, ndipo ine ndinkafuna kukhala wamasiye wabwino.

Lamlungu lina kutchalitchi, pakati pa ulaliki, foni ya munthu wina inalira kumbuyo kwanga. Kanyimbo kake kanali kofanana ndi ka foni yanga. Ndinagwa pakati pa mipando. Nditatsegula maso anthu anali atandizinga, ndipo ndinamva mayi wina akuuza mnzake motsitsa mawu kuti, "Chazionesa."

Apongozi anga aakazi anaona zonsezo. Iwowa anabwera ku Kafue ali mtsikana, kutsata amuna awo amene anapeza ntchito ya njanji. Kwawo kum'mawa, mwamuna akamwalira, akuchimuna amaitana mkazi wamasiye pamaso pa abale n'kumuuza kuti wamasuka, womwalirayo alibenso naye kanthu. Kumeneko ndiye kusudzula. Ife sitinachite zimenezo, poti banja lonse linalowa mpingo umene umati za makolo n'zamdima. Koma munthu sasiya zakwawo ngati akuvula juzi. Apongozi ataona ndikugwa, mumtima mwawo anati mwana wawo sanachoke pa ine. Kwa abusa athu sakananena zimenezo. Anapita kwa mneneri wina wa kuseri kwa njanji, amene anthu ake amamutcha ba Papa, ndipo iye anavomereza kuti zili choncho.

Malo ake anali nyumba ya mabuloko yosamalizidwa, kutsogolo kuli tenti yaikulu ya mapemphero, kuseri kuli tizipinda. Anatilandira mayi wina wojintcha, wamkulu wa maasha othandiza pa mapemphero, amene ankavala makiyi pakhosi pa chingwe cha nsapato. Ineyo mumtima ndinkawatcha Amayi a Makiyi. Anatenga foni yanga, ndipo ndisaname, imeneyo ndinapereka ndi manja awiri. Kenako analoza mapazi anga.

"Vulani. Pano ni poyela."

Ndinavula. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti iwo eni ake ankayenda pamalo oyerawo atavala nsapato, ndipo kuti panja pa mpanda panali minga ndi miyala ya njanji yokhayokha.

Alamu anachoka osatsanzika. Chitseko chitatsekedwa ndinamva loko akukhoma kunja. Ndinamenya chitsekocho ndi manja onse. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo tsiku limenelo ndinanena mawu amene mayi wa mu kwaya sayenera kuwadziwa. Amayi a Makiyi anayankha ali kunja, mawu ali ofatsa.

"Muno si mu jele, amai. Tikiya chifukwa tikukondani."

M'chipindamo munali matiresi awiri pansi, chidebe pakona, ndi kazenera ka zitsulo kotalikira. Pa matiresi enawo panakhala mtsikana wina wowonda, amene khanda lake linamwalira pobadwa, ndipo kuchokera pamenepo tulo tinamuthawa. Sanandifunse kanthu. Anangosuntha miyendo kuti ndidutse.

Kufunsidwa kunkachitika masana, m'tenti, pamaso pa anthu. Ba Papa anali munthu wamfupi, wa nsapato zoyera, wonunkhira perefyumu, ndipo mukakumana naye pamsewu mungati ndi mphunzitsi waulemu. Pambali pake pankaima bambo wina wojambula ndi foni. Tsiku loyamba anandiimika pakati, nandigwira pamphumi.

"Ndiwe ndani?"

Ndinatchula dzina langa, ndi la bambo anga lomwe.

Anamwetulira. "Sinikamba na imwe, amai. Nikamba na ali mukati. Ndiwe ndani iwe?"

Ndinatchulanso dzina langa. Anthu anang'ung'udza. Iye anatembenukira kwa iwo n'kunena kuti, "Mwaona? Chabisala kumbuyo kwa zina ya mwine wa nyumba." Pamenepo ndinadziwa kuti ndalowa m'mlandu umene mboni yake saifuna. Ndikayankha modekha, ankati chiwanda chikuchenjera. Ndikakalipa, ankati chapsa. Ndikalira, Amayi a Makiyi ankandisisita pamsana n'kumati, "Lilani, chili kuchoka." Panalibe chimene ndikanachita chimene chikanaoneka kuti ndachita ndine.

Tsiku lachitatu la mafunsowo anasiya kuzungulira.

"Ndiwe mwamuna wake, si chabe? Ndiwe uja anafela pa Kafue rodi. Kamba zina yako."

Ndinayang'ana kumene kunakhala apongozi, pa benchi lakutsogolo. Anali atagwira mpango pakamwa.

Madzulo a tsiku limenelo tikutsuka mbale kuseri, Amayi a Makiyi ali chapatali, mtsikana uja anandilankhula koyamba.

"Bafuna chabe zina, mami. Bapaseni zina, muyende ku nyumba."

"Iwe wapereka?"

"Nizapeleka mailo. Ya ba anti banga."

"Anakulakwira chiyani azakhali akowo?"

"Kulibe. Bankala kutali."

Anachitadi zimenezo. Anagubuduka pansi, natchula azakhali akewo ndi mawu okokera kukhosi, tenti yonse n'kuphulika ndi chimwemwe. Lamlungu abale ake anabwera kudzamutenga. Sindimuweruza. Koma ndinaona amayi ake akutuluka pageti nkhope ili gwa, ndipo ndinadziwa kuti kwinakwake kuli mayi wosalakwa amene abale ake sadzadyanso nshima ya m'manja mwake.

Kwa ine mtengo wake unali wina, ndipo ba Papa sanabise. Anaufotokoza pamaso pa onse ngati akuwerenga zilengezo. Chiwanda chikatchula dzina, zovala za womwalirayo ndi zithunzi zake zitenthedwa kuseri kwa tenti. Kenako mwana abweretsedwa kutsogolo kuti akane bambo ake ndi pakamwa pake, kuopa kuti mzimuwo ungasamukire kwa iye. Zonsezo zijambulidwa kuti ena akaone mphamvu.

Abale inu, amuna anga anali munthu woopa ngakhale kupha nkhuku. Pa Khirisimasi ankapita nayo kwa aneba. Loweruka ankanyamula mwana paphewa kupita naye kusiteshoni kukangoonera sitima, n'kubwerera onse ali mbuu ndi fumbi, akukangana kuti mabogi a sitimayo anali amtundu wanji. Mwanayo bambo ake anatsala nawo m'zithunzi ndi mu jekete limodzi limene ankafunda akadwala. Ndiye ine ndiime pamaso pa anthu, ndinene kuti amene akundikanyanga pakhosi ndi bambo akewo? Ndinalumbira mumtima kuti dzina limenelo silituluka mkamwa mwanga, ngakhale andisunge mpaka mvula.

Mtsikana uja atachoka ndinatsala ndekha, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti kusungulumwa kumapweteka m'thupi ngati malungo. M'mawa ndinkamva sitima ya katundu ikudutsa, khoma n'kumanjenjemera. Mphepo ikachokera kutawuni inkabweretsa mawu a makondakitala oitanira anthu a ku Lusaka. Nthawi yoweruka ana asukulu ankadutsa kuseri kwa mpanda, ndipo ine ndinkaimirira pachidebe chovundikira kuti ndione pakazenera. Ndinkangoona timitu. Ndinkadziwa kuti wanga sadutsa njira imeneyo, koma ndinkaimirirabe.

Kupemphera kunandivuta. Ndinakulira m'mapemphero, ndinaimba mu kwaya kuyambira ndili mtsikana, koma mawu onse amene ndinkawadziwa anali atagwiritsidwa ntchito pa ine m'tenti muja, mokuwa, malovu akundigwera kumaso. Ndikati ndiyambe, ndinkamva mawu a ba Papa mkamwa mwanga. Ndiye ndinasiya mawu. Ndinkangokhala pa matiresi n'kunena kwa Mulungu kuti, "Mukundiona." Sindinkadziwa ngati ndikufunsa kapena ndikuwauza.

Mu Julayi anati chiwandacho n'chouma mutu, chikufunika kusala kouma. Kusala kouma ndiye kuti osadya, osamwa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litalowa, ndipo madzulo umalandira kapu ya madzi a mchere ndi phala lamadzimadzi. M'tenti anayamba kundigwira anthu angapo nthawi imodzi. Tsiku lina wina anagwada padzanja langa lamanzere. Dzanja limenelo ndi limene limawongolera nsalu pa makina, ndipo mpaka lero mizere yanga siwongoka ngati kale. Nditayesa kutuluka pageti wopanda nsapato masana ena, anandibweza mwaulemu. Za unyolo sindinena zambiri. Unali wokhomera njinga, ndipo unali waufupi.

"Ni ya chitetezo chanu," anatero Amayi a Makiyi akukhoma. "Chingakuponyeni pa njanji."

Apongozi ankabwera Lachiwiri lililonse. Sankaloledwa kulowa, ndiye ankaima pa buloko kunja kwa kazenera. Tsiku lina anatulutsa mbatata ya kandolo yophika m'chitenje, nayang'ana uku ndi uku, n'kundipatsira pakati pa zitsulo. Ndinadya ndi makoko omwe.

"Mwana ali bwanji, amama?"

"Ali bwino. Tamuuza kuti muli ku chipatala." Anasendeza nkhope pafupi ndi zitsulo. "Vomelani chabe, mwananga. Naye apumule. Nimulota masiku onse, aimilila pa mvula, alibe nsapato."

Ndinafuna kuwalalatira. Mawu anali atafika kale pamlomo, oti inu ndi amene mwandiika muno, ndipo mukufuna kuwotcha mwana wanu yemwe. Koma ndinaona zala zawo zitagwira chitsulo, zikunjenjemera ngati mmene zanga zimachitira. Mayi ameneyu nayenso anali asanalire mwana wake. Tinali anthu awiri odwala nthenda imodzi, wina mkati, wina kunja. Ndinawakwiyira, ndinawamveranso chisoni, ndipo zonse ziwiri ndikadali nazo.

"Si iwo, amama," ndinatero. "Si mwana wanu."

"Nanga ni ndani?"

Anatsika pa buloko paja n'kumapita.

Kumayambiriro kwa Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba kugwedeza tenti, ba Papa anatopa nane. Lachinayi analengeza kuti Lamlungu mwana abwere, kaya chiwanda chalankhula kaya ayi. Ati chikaona magazi ake chidzadzionetsa. Alamu anagwedeza mutu kuvomereza.

Ndinabwerera m'chipinda. Mwana wanga ankadziwa kuti ndili kuchipatala, pa bedi loyera. Tsopano anali kudzandiona wopanda nsapato, tsitsi lili nyankhalala, amuna akundipanikiza pansi, wina akumufunsa ngati akuwakana bambo ake. Ndinaganiza zopereka dzina lina, monga anachitira mtsikana uja. Ndinayendayenda m'mutu mwa abale anga onse, amoyo ndi akufa, kufuna woti ndimupereke. Aliyense amene ndinamuganizira anali ndi ana ake. Sindinapeze munthu.

Lachisanu masana anandiimikanso pakati. Ndinalibe nzeru iliyonse, ndisadzitame. Ba Papa atangondigwira pamphumi, foni ya bambo wojambula uja inalira m'manja mwake. Zinandigwira pomwepo, mwamphamvu kuposa kale lonse, poti thupi linali lopanda chakudya. Ndinagwada, khosi litatsekeka, mtima uli phaphapha.

"Ndiwe ndani?"

Ndinkafuna kunena kuti nili na mantha, mundisiye. Mpweya sunakwane. Chimene chinatuluka ndi mawu awiri okha.

"Ni... mantha."

Ba Papa anachotsa dzanja.

"Bwezapo."

"Mantha."

"Chakamba zina!" anakuwa, anthu n'kuimirira m'mabenchi. Anawakhalitsa pansi ndi dzanja, nawerama pafupi ndi nkhope yanga. "Iwe Mantha, unangena liti muli uyu muzimai?"

Chiyambire Febuluwale panalibe munthu amene anandifunsapo funso limenelo. Anthu ankandiuza kuti ndilimbe. Ankandiuza kuti Mulungu ndiye mwamuna wa amasiye. Woti andifunse kuti zinayamba liti, ndipo zimakhala bwanji, panalibe. Woyamba kufunsa anali munthu amene anandimangitsa ndi unyolo wa njinga, ndipo sankafunsa ine.

Ndinayankha. Ndipo apa m'pamene panachitika chinthu chimene sindinachikonze. Ine ndinabadwira muno mu Kafue, ndipo pamsika ndimalankhula Chinyanja cha m'tawuni ngati wina aliyense. Koma malemu amayi anga anali a ku Katete, ndipo m'nyumba mwathu ankatilankhula Chichewa chakwawo, chathunthu, chosadula mawu. Ndi chimene ankatitonthozera tikadwala, ndi chimene analirira bambo anga. Sindinkadziwa kuti chisoni changa chimalankhula chimenecho. Pakamwa patatseguka, ndi chimene chinatuluka.

"Ndidalowa tsiku la mvula lija," ndinatero. "Adali pa makina, akusoka diresi la mwana wa eni ake. Lamya idalira. Ndidalowera m'khutu."

"Kamba. Unachita chani?"

"Ndidapita naye kuchipatala. Ndidaima naye pakhomo pa nyumba ya chisanu. Adamuonetsa mwamuna wake atagona pa chitsulo, malaya amene iye adasita m'mamawa ali ong'ambika, kolala yokha ili yowongoka. Adafuna kukuwa, koma adamuuza kuti alimbe, pali mwana. Ndiye kukuwako ndidakusunga ine. Ndimakhala nako pakhosi pakepa."

Ndinalankhula nthawi yaitali. Ndinanena za mbali ya bedi imene sindigonako. Ndinanena za nthawi ya madzulo imene minibasi zimatsitsa anthu pa siteji, ine n'kumamvetsera geti ngakhale ndikudziwa. Ndinanena kuti mwana akachedwa pang'ono kuchokera kusukulu ndimakhala nditamuika kale m'manda m'mutu mwanga. Zonsezo ndinkanena ngati za munthu wina, kuti iye, iye, ndipo mwina n'chifukwa chake zinatheka kunenedwa. M'tenti munalibe wokuwa. Amayi ena kumbuyo ankafwenthera m'zitenje. Apongozi ankalira mokweza, kulira kwa pamaliro, kumene sanalire tsiku la maliro.

Ba Papa anaimirira, nayang'ana anthu ake, nkhope ikuwala.

"Mwamvela chitundu? Iyi si Nyanja ya muno mu Kafue. Uyu muzimai mumuziba, sakamba so. Ichi ni cha kumunzi, cha makolo ba kwao. Chachokela kutali." Anatembenukira kwa apongozi. "Amai, mwana wanu alibe mulandu."

Akanakhala ndi agogo a kum'mawa m'nyumba, akanadziwa kuti chimene wamvacho si chiwanda, ndi mmene anthu amalankhulira ku Katete pogula mchere. Koma iye ndi anthu ake ambiri anakulira m'makomboni a m'tawuni, Chinyanja chawo n'chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi, ndipo mawu oti ndidalowa anawamva ngati ochokera kumanda. Apongozi okha ndi amene akanatha kumuwongolera. Anandiyang'ana, ndinawayang'ana. Sananene kanthu.

"Anakutuma ndani?" anafunsanso ba Papa. Ankafunabe munthu.

"Palibe adandituma. Ndidabwera ndekha."

Anayesa kawiri, ine yankho lomwelo. Kenako anayamba kulamula kuti chituluke, anthu akuthandizira. Pamene ankatero n'kuti zanga zija zitatha kale zokha, monga zimathera nthawi zonse. Ndinagona pansi phee, wotopa, fumbi lili mkamwa. Iwo anati ndamasulidwa.

Loweruka m'mawa Amayi a Makiyi anabweretsa mapatapata anga ndi foni m'pulasitiki. Anandikumbatira ndi mtima wonse. "Mwaona? Tinakuuzani kuti tikukondani." Ndikhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo chimenecho ndi chimene chimandiopsa kwambiri ndikamawakumbukira. Alamu anabwera ndi kagalimoto kaja, koma ndinakana kukwera. Ndinadutsa njanji wapansi, ndinadutsa pamsika anthu akundiyang'ana, mpaka kudera la Estates kwa apongozi. Mwana wanga anali pakhonde akusenda nyemba. Anaimirira, nayang'ana dzanja langa lotupa, kenako anabwera n'kubisa nkhope m'chitenje changa. Kutenti kuja sanapondeko. Jekete la bambo ake likadali m'nyumba mwathu.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma kanema uja anayenda m'mafoni, ndipo tawuni yonse inadziwa kuti ndinachira. Pamsika amayi ena ankandigwira dzanja n'kumati Mulungu ni wamukulu. Munthu wochira sadwalanso. Akadwalanso ndiye kuti chabwerera ndi anzake, ndipo aliyense akudziwa kumene amapita naye. Patangotha mlungu zinandigwiranso ndikusoka. Ndinagwetsa dala sizasi, n'kugwada pansi pa tebulo ngati ndikuifuna, mpaka zitatha. Ndinaphunzira kuthawira m'bafa, kutsegula mpopi kuti kupuma kwanga kusamveke. Apongozi akafunsa kuti muli bwanji, ndinkati bwino, iwo n'kunena kuti tithokoze, tonse maso kumbali. M'chipinda chija ndinkatha kunjenjemera poyera. Kunja kuno ndinali ndi nsapato, ndi makiyi a nyumba yanga, koma ndinali ndekha kuposa mmene ndinalili pa unyolo.

Mulungu sindinamusiye. Ndinasiya malo amene anthu amakuwa. Ndimakhala kumbuyo m'katchalitchi kena kakang'ono, pafupi ndi khomo, ndipo pemphero langa likadali lalifupi. Kukiliniki ndinadzapita pambuyo pake, ndipo ndimapitabe. Kuli nesi wina amene amandifunsa mafunso n'kudikira kuti ndiyankhe ndine. Mantha sanathe. Ndimakhala nawo monga mmene munthu amakhalira ndi bondo lovuta, amadziwa masiku ake. Koma ndikafunsidwa kuti ndinatuluka liti m'ndende ija, sinditchula Loweruka la mapatapata, kapena tsiku la kukiliniki. Ndinatuluka masana ena mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Ndinali kukhitchini. Galimoto ina inaliza mabuleki pamsewu, ndipo zinandigwira ndisanafike kubafa. Ndinakhala pansi nditatsamira kabati, pakamwa pali pululu ngati nsomba. Mwana analowa kuchokera kusukulu, chikwama chili kumsana. Anandiyang'ana. Sanakuwe, sanafunse. Anabwerera kuchitseko, anachitseka, anakhoma, anakoka katani ya pazenera, zonse mwachangu ngati munthu amene anazikonzekera kale m'mutu. Kenako anadzakhala pafupi nane n'kugwira dzanja langa lopweteka lija.

"Musayope, amama," ananong'ona. "Sinizauza ambuya. Sinizauza aliyense. Sibazakutengani futi."

Ndiye kuti ankadziwa. Ankadziwa kuti sikunali kuchipatala, ankadziwa za mpopi wa m'bafa, ndipo miyezi yonseyi kamwana ka giredi folo kankayenda ndi ufulu wa amayi ake m'chikwama pamodzi ndi mabuku. Ndinapirira zonse zija kuti asamusenzetse bambo ake ngati chiwanda, ndipo ine ndinali nditamusenzetsa amayi ake ngati chinsinsi. Zinandipweteka kuposa bondo la munthu uja padzanja.

Mpweya utabwerera pang'ono ndinati, "Tsegula chitseko."

"Bazaona."

"Aone. Ndikudwala mantha, mwananga, chifukwa ndimawasowa atate ako. Si chiwanda, ndipo si chinsinsi. Ukafuna kuuza ambuya, ukawauze. Akabwera kudzanditenga ndikana ndine, ndi pakamwa pangapa. Kulondera ine si ntchito yako."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Na ine nibayewa," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunena zimenezo chiwaikire bambo ake.

Anaimirira, anakoka katani, anatsegula chitseko mpaka kukhoma. Kuwala kunalowa mpaka pamene ndinakhala. Aneba athu anali pabwalo akuyanika zovala, ndipo anaima ndi malaya m'manja, akuyang'ana mayi wochira uja ali pansi, thukuta lili kamukamu, akunjenjemera, mwana akulira paphewa pake. Ndinakweza dzanja n'kuwapatsa moni.